Madengu a Pamaliro Amene Ndinawabweza

Ndikamadutsa pa Mkanda masiku ano, ena amandiitanabe kuti a Chigayo, ngakhale chigayocho chinachoka kalekale. Sindikwiya nazo ayi. Nyumba yake ikadalipo, panopa akusungiramo fodya. Zaka zisanu ndi zinayi ndinakhala ku Joni chifukwa cha injini imene inali m'nyumba imeneyo, koma kuno inangolira chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka. Sindinaberedwe, sindinamwere mowa, komanso sindinalodzedwe monga ndinkanenera nthawi ina. Ndinachigwetsa ndekha, maso ali gwa.

Ndinachoka mwana wathu Tamanda ali kumsana. Chaka chimenecho fodya anatigwiritsa fuwa la moto, moti ndinagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri kuti ndipeze ya basi. Mkazi wanga Nabanda anandikazingira mtedza wodzaza jumbo, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire. Anangoti, "Mukafika muimbe, musatisiye m'malere." Amene anandiitana anali Edisoni, mnzanga wa ku Kapondo, yemwe anatsogola zaka ziwiri. Anati pafamu pomwe ankagwira pankafunika munthu wa msana wolimba. Masiku awiri m'basi, kudutsa Mozambique, kudutsa Zimbabwe, ndinafika miyendo itatupa ngati ya mayi woyembekezera.

Inali famu ya nkhuku yokhala ndi chigayo chakechake. Tinkagaya chimanga chachikasu ndi soya, n'kusakaniza chakudya cha nkhuku chomwe alimi ena ankabwera kudzagula pamalole. Ndinayamba ndi kusenza matumba. Kenako anandipatsa yosoka matumba, ndipo patapita zaka zitatu ndinayamba kuyendetsa makina. Ndinawaphunzira ndi khutu. Lamba akakhwefuka ndinkamva ndili panja, sefa ikang'ambika ndinkadziwa ufa usanatuluke n'komwe. Edisoni anandipatsa dzina loti Injiniya, ndipo ndinkalikonda kuposa momwe ndinkaonetsera.

Tinkagona m'kontena anthu asanu ndi mmodzi: ife awiri, a Jafali a ku Mangochi omwe anali wamkulu wa tonse, Mzimbabwe mmodzi ndi anyamata awiri a ku Mozambique. Kuzizira kwa kumeneko musamve, abale. Chisanu cha ku Mchinji ndi masewera. Madzi ankauma m'ndowa, ndipo m'mawa tinkamenya ndi chibakera kuti tisambe kumaso. Kutauni sitinkapita wamba chifukwa masiku a m'pasipoti anatithera tonse. Lamulungu tinkachapa, kumetana tsitsi, ndi kukangana za mpira wa kwathu omwe sitinkauonera n'komwe. Wina akadwala, anzake tinkamugwirira gawo lake kuti bwana asaone. A Jafali ankaphika, ife n'kumadandaula za tsabola, koma mbale zinkatsala zoyera.

Bwana wathu tinkamutchula kuti Mafulumira, poti sankayenda koma kuthamanga. Pakhomo la chigayo anapachika bolodi, n'kumalembapo ndi choko malole a tsiku limenelo. Lamulo lake linali limodzi: lole iyambe. Wobwera ndi galimoto yaing'ono kudzagula thumba limodzi ankadikira kugeti mpaka malole onse atachoka, kaya dzuwa lilowe. Panali mayi wina wachikulire amene ankabwera ndi wilibala. Tsiku lina ndinamumvera chisoni, ndinamufunsa bwana m'Chingerezi changa chothyokathyoka ngati ndingamupatse msanga thumba lake. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati, "Lole imodzi imandidyetsa mwezi wathunthu. Wilibala imandidyetsa chiyani?" Mawu amenewo anandilowa m'mutu. Ndinayang'ana nyumba yake, galimoto zake zitatu, ndinati basi, chinsinsi cha kulemera ndachipeza.

A Jafali anayamba kutsokomola chaka changa chachisanu ndi chimodzi. Fumbi la chigayo si labwino, ndipo iwo analipuma nthawi yaitali kuposa tonsefe. Anamwalira Lachitatu m'mawa kuchipatala. Amalawi a m'mafamu oyandikana tinasonkherana kuti thupi lipite kumudzi. Tinapempha bwana kuti atipatse theka la tsiku tikawatsanzike. Analoza bolodi. Panali malole anayi. Makina analira tsiku lonse, ine ndikuwayendetsa misozi ikusakanikirana ndi ufa kumaso. Zinandipweteka zedi. Koma imvani uchitsiru wanga: patapita masiku ndinauza Edisoni kuti anthu amenewa amalemera chifukwa salola chilichonse kuimitsa ntchito.

Edisoni anasiya kusoka nsapato yake n'kundiyang'ana. "Iwe Injiniya, kuno tabwera kudzatenga ndalama. Zinazi uzisiye konkuno, usakakwere nazo basi."

Ndinamuseka. Ndinati n'chifukwa chake iye adzafa akusenza matumba.

Mwezi uliwonse ndinkatumiza ndalama kumudzi. Nabanda sanadye n'kamodzi komwe mosasamala. Anaumbitsa njerwa, anagula malata, anamanga nyumba ya chigayo pafupi ndi msewu monga ndinamuuzira pafoni. Ndi pafoni pomwepo pamene ndinamva kuti Tamanda wayamba kuyenda, kuti wayamba sukulu, kuti waguluka dzino. Ndi pafoni pomweponso pamene ndinamva kuti bambo anga atisiya. Sindinabwere. Ndikanatuluka ndi pasipoti yotha masiku sakanandilolanso kulowa, ndipo injini inali isanakwane. Ndinakhala kuseri kwa kontena n'kulira ndekha. Bambo anga anandiikira ndi anthu ena, ndipo sindinafunse n'komwe kuti anali ndani.

Nditabwerako ndinapeza aliyense wasintha, kapena mwina wosinthayo ndinali ine. Tamanda anandigwadira patali ngati mlendo, n'kundipatsa moni wa "muli bwanji" akuyang'ana pansi. Mchimwene wanga anati ndayamba kulankhula mokweza ngati ndikukalipira ng'ombe. Nabanda ndiye anali atakhala mayi wodziwika. Kukagwa zovuta, kukakhala chinkhoswe, amayi ankayamba kugogoda pakhomo pathu. Ankadziwa mudzi uliwonse kuti muli ndani, wadwala ndani, wakwiyira ndani. Ine ndinkaona ngati ndi kutaya nthawi basi.

Injini ndinakagula ku Lilongwe, ya dizilo, yatsopano. Ndinaimanga ndekha. Ufa wake unkatuluka wosalala moti amayi ankautsina ndi zala n'kumayang'anana. Mbiri inawanda msanga. Chigayo china chinali kutali, ulendo wa maola awiri wapansi, chakale, chomangotsamwa. Choncho m'mawa uliwonse pakhomo panga pankakhala mzere wa madengu, mabeseni ndi njinga zomangirira timatumba. Ena ankadzakonola, ena mphale, ena mgaiwa. Ndikanangokhala chete n'kumagaya, lero bwenzi ndikunena nkhani ina.

Koma ayi, Injiniya anafuna bolodi. Ndinapachika bolodi langa pakhomo, ndinalembapo malamulo. Osacheza m'kati. Osasesa ufa wotayika pansi. Mayi akachedwa kumasula mfundo ya chitenje ndinkamudumpha. Nabanda anandiuza kangapo kuti, "Bambo a Tamanda, anthuwa si nkhuku za kufamu kwanu kuja. Muziwapatsako moni." Ndinkamuyankha kuti iye sanaonepo bizinesi yeniyeni, angodziwa kugulitsa mtedza pa lichero. Ankangopukusa mutu n'kupita.

Kenako kunabwera Che Saidi, wamalonda wa ku boma, munthu wofatsa wa ndevu zoyera. Anamva za ufa wanga, anafuna kuti ndiziwagayira mgaiwa wogulitsa m'sitolo mwawo ndi madeya a nkhuku. Lole yawo inayamba kubwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Tsiku loyamba kuiona ikukhotera pakhomo panga, ndinasangalala zedi. Ndinati zija za Mafulumira zandipeza. Kuyambira pamenepo, masiku a lole amayi ankakhala padzuwa mpaka masana. Ankang'ung'udza, koma ankadikirabe poti kunalibe kwina kwapafupi. Ine ndinatenga kudikira kwawoko ngati umboni woti ndikuchita bwino.

Ndiye linafika Lachisanu lija. Ndikupita kukatsegula m'mawa ndinaona masamba aikidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro, ndipo anthu a panjinga ankatsika n'kumakankha. Anali atamwalira a Chisale a kutsidya kwa dambo. Nabanda anali atapita kale kusiwa kusanache. Ine ndinati ndipita lole ikachoka. Dalaivala wa Che Saidi anafika molawirira chifukwa ankafuna kubwerera ku boma nthawi ya mapemphero a masana isanakwane. Tinayamba kugaya.

Tili mkati, ndinaona amayi asanu ndi awiri akubwera mondondozana, madengu pamutu. Patsogolo panali a Nachisale, mlongo wa malemuyo, chitenje chomanga m'chiuno, maso ofiira. Kwathu kuno aliyense amadziwa za chimanga cha pamaliro. Chimasonkhedwa khomo ndi khomo, ndipo chikafika kuchigayo, wa pamzere aliyense amasuntha dengu lake osauzidwa. Ngakhale ine ndinkadziwa. Amayi amene anali pamzere anayamba kale kusuntha.

A Nachisale anatula dengu, anawerama pang'ono. "Odi, bambo a Tamanda. Ichi n'cha pamaliro."

Ndinachepetsa injini kuti ndimve. "Pepani ndi zovuta, mayi. Koma lole mukuiona. Khalani apo, ndikamaliza ndikugayirani."

"Mumaliza nthawi yanji?"

"Atsala matumba makumi atatu."

Anayang'ana matumba, anayang'ana dzuwa. "Bambo, adzukulu ali kumanda chiyambire m'bandakucha, akukumba ndi m'mimba mopanda kanthu. Anthu achokera ku Ludzi, ena ku Zambia. Madenguwa sakutengerani nthawi."

Dalaivala uja, Msilamu wa ku boma amene sankawadziwa n'komwe a Chisale, anandikoka malaya. "Bwana, agayireni kaye amayiwa. Che Saidi akamva, sakakwiya."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Mukandiphunzitse ntchito yanga ndinu? Oda ndi oda." Ndinakweza injini, ndinatembenuka.

Anadikira kanthawi, mwina theka la ola. Palibe anatukwana, palibe analoza chala. Kenako a Nachisale anadzuka, anapinda nkhata, anzawo anawasenzetsa. Onse asanu ndi awiri anatuluka kulowera njira ya kuchigayo chakutali chija. Amayi ena atatu a pamzere ananyamulanso madengu awo n'kuwatsatira. Ine ndinamaliza matumba anga, lole inanyamuka pa nthawi yake, ndipo ndinadziona ngati mwamuna. Kumaliro ndinafika anthu akuchokera kumanda, ufa uli mbuu m'tsitsi. Chakudya chinapsa dzuwa litapendeka kale, alendo akutali ambiri atanyamuka osalawa kanthu. Ndinapereka moni kwa amuna angapo, anandiyankha bwinobwino, koma pabenchi palibe anandisunthira.

Mawa lake Nabanda anandipeza ndikupukuta injini. Sanakhale pansi.

"Bambo a Tamanda, ndikufunseni. Bokosi la abambo anu, matabwa ake anachokera kwa ndani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Simukudziwa poti simunafunse. A Chisale anagwetsa mtengo wawo wa m'dimba, anacheka okha, anakhoma okha. Nditawafunsa mtengo wake anati mwana wa malemu ali kutali, akanakhalapo akanachita yekha. Dzulo ine ndinali m'siwa pamene mlongo wawo amalowa miyendo ili fumbi lokhalokha. Ndinasowa poyang'ana."

Manyazi anandigwira, koma pakamwa panatuluka zina. Ndinati bizinesi ndi bizinesi, maliro ndi maliro, tisasakanize.

"Tengani nkhuku ndi dengu la ufa, tipite lero lomwe mukapepese. Lero zikadali zofewa."

"Ndikapepese chiyani? Ndinawakaniza? Ndinangoti adikire!"

"Chabwino, Injiniya," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula dzina limenelo, ndipo sikanali koyamikira.

Sabata yotsatira mzere unafupika. Yotsatirayo kunkabwera anthu awiri, atatu, makamaka odutsa osadziwa nkhani. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti palibe anandida poyera. Amayi ankadutsa pamsewu pomwepo, matumba pa njinga, n'kumandipatsa moni mwaulemu: "Mwadzuka bwanji, a Chigayo? Kunyumba ali bwanji?" Kenako n'kupitirira ulendo wa maola awiri. Ine ndinachita zonse kupatula chimene mkazi wanga ananena. Ndinatsitsa mtengo n'kulemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinagula sefa yatsopano. Ndinapaka laimu nyumba yonse. Nditaona kuti sizikuthandiza ndinayamba kunena kuti mwini chigayo chakutali chija wandichita mankhwala, kuti anthu akuno ndi ansanje, safuna mnzawo atukuke.

Ndinaimbira Edisoni ku Joni kuti andivomereze. Anamvetsera zonse, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, Mafulumira uja unaonapo azakhali ake pamzere? Mayi wa wilibala uja anali woti adzamukumbira manda? Iye akafa adzakumba ndi makina. Iwe adzakukumbira ndani, lole?" Ndinadula foni. Ndinakhala mwezi osamuimbira.

Ndinkadzilimbitsa mtima kuti bola lole ikubwera. Inabweradi miyezi isanu. Ndiye tsiku lina Che Saidi anandiitanitsa ku boma, anandiikira tiyi ndi mandasi, n'kundiuza mwaulemu kuti agula chigayo chawo cha magetsi, kuseri kwa sitolo. Sanalakwe, munthu aliyense amafuna zotchipa. Anandithokoza chifukwa cha ufa wabwino. Ndikudzuka anawonjezera kuti, "Za tsiku lija dalaivala anandiuza. Ine ndikanadikira, achimwene. Ufa wa m'sitolo sulira njala." Ndinapalasa njinga kubwerera ku Mkanda osaona n'komwe njira.

Pamenepo m'pamene ndinagwira nkhuku. Tinapita ndi Nabanda kutsidya kwa dambo, miyezi isanu ndi umodzi chichitikire maliro. A Nachisale anatiyalira mphasa, anamvetsera ndikupunthwapunthwa ndi mawu. Nditatha anati, "Zinatha izo, bambo a Tamanda. Ife tinaiwala." Analandira nkhuku, anatipatsa mtedza wa m'thumba kuti tikapatse Tamanda. Ndinabwerera mtima uli m'malo, ndinagula dizilo, ndinafufuta malamulo onse pabolodi. Koma anthu anali atazolowera kwina. Mwini chigayo chakutali chija, yemwe ndinkamunamizira ufiti, anali atayamba kutumiza ngolo kawiri pa sabata kudzatenga chimanga m'midzi n'kubweza ufa pakhomo. Pamaliro aliwonse ngolo yake inkafika yokha osaitanidwa. Ndani akanamusiya munthu wotero chifukwa choti ine ndafufuta bolodi?

Injini ya dizilo siilira chifukwa cha beseni limodzi. Ndinkayatsa kawiri pa sabata, kenako kamodzi, kenako ndinkangopita kukaipukuta. Mvula itayamba, dzimbiri linayamba kugwira. Nabanda, yemwe ndinkamunyoza ndi lichero lake la mtedza, ndiye ankagula sopo ndi makope a Tamanda. Sanandikumbutse ngakhale tsiku limodzi kuti ananena. Bola akanandikumbutsa, mwina ndikanapeza pokwiyira.

Ndinagulitsa kwa munthu wina wa ku Chipata. Anabwera Loweruka m'mawa ndi lole yaing'ono, iye ndi dalaivala wake basi. Ndinamasula mabawuti ndekha. Sipanala inandipulumuka kawiri. Nditamaliza tinapeza kuti anthu atatu sitingaikweze. Tinayesa ndi matabwa, tinayesa ndi chingwe, injini inangosuntha pang'ono n'kukhala pakhomo. Wa ku Chipata anati, "Itanani anzanu, mudala, ife tifunika kudutsa pa boda kusanade." Ndinayang'ana kumsewu. Ndinalibe nkhope yoitanira munthu aliyense. Ndinauza Nabanda kuti mwina tidikire, tione ngati kudutse alendo.

Sipanapite nthawi, ndinaona njinga zisanu ndi imodzi zikutsika kuchokera kutsidya kwa dambo. Anaziimika pansi pa mtengo. Patsogolo panali Limbani, mwana wamkulu wa a Nachisale, bambo wa ana atatu, yemwe ndi mmodzi mwa amene anakumba manda a malume ake ndi njala tsiku lija. Anandipatsa moni, anavula malaya, anzake anachitanso chimodzimodzi. Analowetsa mitengo iwiri pansi pa injini, wina anawerenga mpaka katatu, ndipo zaka zanga zisanu ndi zinayi zinakwera palole kamodzi n'kamodzi. Anathandiza kumanga zingwe, anakoka kuona ngati zalimba.

Lole itanyamuka ndinapisa m'thumba kuti ndiwapatse ya tiyi. Limbani anagwira dzanja langa n'kulibweza.

"Ayi, bambo a Tamanda, musatero. Atituma ndi mayi. Anaona lole ikudutsa m'mawa, ndiye anati katundu uja ndi wolemera, pitani msanga, musakawadikiritse."